Alendo Odzaona Mwaye

Munthu ukachoka kwanu zaka makumi atatu ndi zinayi, pobwerera sufika kwanu. Umafika pamalo pamene panali kwanu, n'kupeza nkhalamba zitavala nkhope za abale ako. Mtchona anazindikira zimenezi tsiku lomwe anatsika basi, atanyamula masutikesi awiri a mabuku ndi kachikwama ka zovala. Anayang'ana kumadzulo kufuna phiri limene ankalidziwa ali mwana. Phirilo linalipo ndithu, koma litatuwa ngati chithunzi chimene chakhalitsa padzuwa. Patsogolo pake panali mpanda wa kampani yokumba mafuta, matanki, mapaipi opiringizana, ndi chumuni chachitali chachitsulo cholavula lawi usana ndi usiku.

"Ndi gasi ameneyo," anatero achemwali ake, amene anabwera kudzamuchingamira. "Amatuluka limodzi ndi mafuta pansipo. Eni ake alibe naye ntchito, ndiye amangomuyatsa. Tseka pakamwa, iwe, umeza mwaye."

Dzina lakuti Mtchona linachokera kwa achemwali omwewo, ndipo pasanathe sabata msewu wonse unali utalitola. Kunja kuja ankagwira ntchito yokonza zolakwika m'mabuku asanasindikizidwe, ntchito imene imasiyira munthu maso ofooka ndi mtima wosakhutira ndi chilichonse. Tsopano analibe buku loti akonze, ndiye anayamba kukonza msewu. Madzi sakukoma ngati kale. Mbalame zija zinapita kuti? Ndani anadula mitengo ya kuseri kwa sukulu? Anthu ankamumvera mwaulemu, monga mmene munthu amamverera wailesi ya m'nyumba ya eni.

Achemwaliwo ntchito yawo inali yochapa zovala: mashiti a kunyumba yogona alendo, mayunifolomu a anamwino, nsalu za patebulo za anthu osafuna kunyowetsa manja. Chovala chotuluka m'manja mwawo chinkayera mbee, mpaka mwini wake kuopa kuchivala. Ndipo chumuni chija, chimene Mtchona ankachiona ngati mdani, iwo anachisandutsa chida cha ntchito. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kuliwerenga lawilo. Likaweramira kuphiri ankafuula kuti, "Yanikani!" ndipo zingwe za msewu wonse zinkadzaza. Likaweramira kuno, lofiirira, likukoka mchira wa utsi, aliyense ankathamangira kukaanula, chifukwa pasanathe ola mwaye unkayamba kugwa, wosalala, wamafutamafuta, wokakamira pansalu ngati unabadwira pomwepo.

Chimene sankachiwerenga n'chifuwa chawo. Mtchona ankachimva ali kuchipinda kwake, chikulira ngati ketulo imene yatsala pang'ono kuwira. Akanyamula beseni kuchoka pampopi kupita pachingwe, mtunda woti mwana angadumphe kanayi, ankaima pakati n'kunamizira kuyang'ana nkhuku. M'thumba la epuloni ankasungamo kamankhwala kopopera m'kamwa kamene anawapatsa kuchipatala, ndipo ankakapopera kuseri kwa chitseko ngati munthu wakuba shuga.

"Achemwali, chakupatsani mphumu imeneyi ndi chumuni icho."

"Mphumu yake iti? Ndi kachimfine."

"Kachimfine ka zaka zisanu ndi zinayi?"

"Iwe zaka zanga unaziwerenga liti, munthu wolemba kalata imodzi pa zaka zitatu?"

Zinali zoona, ndiye Mtchona ankangotuluka panja.

Maphunziro ake onse ankakawatula kwa Wometa, amene kanyumba kake kometera kanali moyang'anizana ndi kwawo. Ankafotokoza kuti utsi wa gasiyo suthera pamadenga pawo pokha. Umakwera n'kukafunditsa dziko lonse bulangete. N'chifukwa chake mvula masiku ano imabwera ngati mlendo woledzera, mochedwa ndiponso mogwetsa zinthu. N'chifukwa chake miyezi yozizira ija, imene ana ankapita kusukulu akutulutsa nthunzi m'kamwa, inangochoka osatsanzika.

"Ndiye mukuti, Aprofesa," ankatero Wometa lumo lili m'manja, "kachumuni kathu komweka ndi kamene kakuphika dziko lonse? Ndiye ndife anthu otchuka, eti?"

"Zilipo zambirimbiri zotere, akulu, m'mayiko onse okumba mafuta."

"Aaa, mwandigwetsa ulesi. Ndimayesa n'chathu chokha. Taweramani, ndikonze m'khosimu."

Kenako tsiku lina pamtengo wamagetsi panapezeka chikalata chochokera ku ofesi yoona za chilengedwe. Chinkati pakatha mwezi kudzabwera munthu woyeza mpweya kudzayendera misewu inayi yoyandikana ndi mpanda wa kampani, ndipo mumsewu wawo adzafika tsiku Lachinayi. Ofesiyo inali ndi makina amodzi okha oyezera, ndipo adzawasiya miyezi itatu mumsewu umene udzaoneke kuti mwaye ukuusautsa kwambiri. Zimene makinawo adzapeze ndi zimene zidzapite kwa akuluakulu okhala ndi mphamvu zolamula kampani kuti izisunga gasiyo m'malo momuotcha.

Mtchona anawerenga chikalatacho katatu. Anapezamo zolakwika ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anazikhululukira. Iye ankadziwa mmene mphepo imayendera: utsi unkayamba wagwera mumsewu wawo, ina itatuyo inkangolandira zotsala. Makina akakaikidwa kwina adzapeza zochepa, akuluakulu adzati palibe vuto, ndipo lawi lija lidzapitiriza kuyaka mpaka chifuwa cha achemwali ake chitatsekeka.

Ndiye anapempha shiti yakale n'kuidula tizidutswa makumi atatu, kalikonse kukula ngati mpango wa m'thumba. M'mawa uliwonse ankayala kamodzi kunja kwa zenera lake, n'kukatsindira ndi miyala m'makona. Tsiku lotsatira ankakachotsa mosamala ngati akunyamula khanda, n'kulemba deti pakona ndi inki, n'kukaika m'katoni ya nsapato, pakati pa mapepala a nyuzipepala. Tina tinkatuluka totuwa, tina takuda bii, toti ukakhudza chala chimanona.

"Nsanza zimenezi n'zachiyani m'nyumba mwanga?" anafunsa achemwali atamupeza akumanga katoniyo ndi chingwe.

"Ndi umboni, achemwali. Chonde, osaukhudza."

"Umboni wako ukununkha palafini."

"Ndi ntchito yake imeneyo."

Sabata yomaliza anayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu kuti Lachinayi kukubwera a ku ofesi kudzaona nyumba zawo, mazenera, madenga, chilichonse. Onse anagwedeza mitu, amayi ena mpaka anamuthokoza kuti wachita bwino kunena nthawi ilipo. Mtchona anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, akuganiza kuti mwina anthu akwawo sanasinthe kwambiri. Sanalakwitse. Anali asanasinthe m'pang'ono pomwe. Iye ndi amene anaiwala, m'zaka zonse zija, zimene anthu a mumsewu umenewu amachita akamva kuti wina akubwera kudzawayang'ana m'nyumba.

Lachitatu anapita m'tauni kukasindikiza kalata yake ya masamba asanu ndi limodzi. Atatsika basi cha m'ma folo koloko, anayamba waganiza kuti watsika pamalo olakwika. Msewu unali waliwali. Makoma amene anali otuwa chibwerereni iye anali atapakidwa laimu. Pamadenga panali amuna ndi zidebe akukwecha malata. Mazenera ankathobwa m'maso. Amayi awiri anali atakwera pamipando akupukuta masamba a mtengo wa mango, tsamba limodzilimodzi. Telala wokalamba, amene kutsokomola kwake kunali wotchi ya msewu wonse, anali atamukweza njinga kupita kwa mwana wake kutsidya kwa tauni, kuti asadzasokoneze alendo.

Wometa anali pamakwerero, burashi ili m'manja, laimu mpaka m'nsidze.

"Mukuchita chiyani, anthu inu?" Mtchona anafuula.

"Si munati kukubwera alendo, Aprofesa?"

"Akubwera kudzaona mwaye! Mwaye umene mukuchotsawo!"

"Akauone kwa anzathu uko. Ife atipeze ngati nkhumba? Akalembe m'buku la boma kuti mumsewu wakutiwakuti mumakhala anthu auve? Ana athu akwatiwa bwanji?"

"Inu mulibe mwana wamkazi."

"Ndikunenera anzanga."

Mtchona anayesa kufotokoza. Anatchula mapapo, anatchula magazi, anatchula mizinda ya kutali kumene anthu anapambana milandu chifukwa chosunga dothi m'mabotolo. Amayi a pamipando aja anamumvera mpaka kumapeto, kenako mmodzi anamupempha kuti, poti ndi wamtali, awapukutireko nthambi ya pamwambayo.

Analowa m'nyumba. Pansi panali potsetsereka ndi polishi, makatani ochapidwa kumene ali m'mazenera. Anasuzumira kunsi kwa bedi. Katoni ija inalipo, yomangidwa bwinobwino ndi chingwe chake. Anapumira m'mwamba. Apukute msewu wonse, apukute ndi nkhuku zomwe, iye umboni anali nawo.

Lachinayi kunacha kowala, ndipo lawi linaweramira kuphiri ngati nalo lauzidwa za alendo. Cha m'ma naini galimoto ya ofesi inaima kumapeto kwa msewu. Munatuluka mayi wachitsikana wovala magalasi, kabuku kali m'manja. Anayenda pang'onopang'ono, akupatsa moni anthu amene anaima pamakomo atavala zovala zopitira ku ukwati. Pazenera lililonse ankadutsitsa chala, n'kuchiyang'ana, n'kulemba. Chalacho chinafika panyumba ya achemwali chili choyera ngati mmene chinachokera kwawo.

Anamulandira pabalaza, pampando wabwino uja umene Mtchona anali asanaloledwepo kukhalira. Tiyi anabwera m'makapu a m'kabati.

"Zikomo, amayi," anatero woyeza mpweya. "Kunena zoona, misewu itatu imene ndinadutsa dzulo, chala chimachita kuda. Kuno zikuoneka kuti mphepo imakukonderani."

"Dikirani kaye, mayi," anatero Mtchona. Anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi katoni ija, ataigwira ndi manja awiri. Anaiika patebulo, anakonza pakhosi, nayamba mawu amene anawaloweza sabata yathunthu. "Zimene muone umu ndi masiku makumi atatu a mpweya umene anthu ano amapuma. Sindiwonjezera mawu. Nsaluzi zilankhula zokha."

Anamasula chingwe n'kutsegula.

Tinsalu makumi atatu tinali mmenemo, tosanjidwa bwino, toyera mbee, tositidwa, makona ake akuthwa ngati envelopu. Wina anali atatipinda m'mphepete ndi singano kuti tisamasomphoke ulusi. Munkamveka kafungo ka sopo.

Mtchona anapisa dzanja m'katonimo. Anatembenuza kamodzi, kachiwiri, kachitatu. Ngakhale deti panalibe.

"Inki ija ndiyo inandivuta," anatero achemwali modzichepetsa, akuthira shuga m'kapu ya mlendo. "Koma ndimu ndi dzuwa sizilephera."

"Achemwali! Ndinati osaukhudza!"

"Sindinakhudze, ndinachapa. Ukanaonetsa mlendo nsanza zotere patebulo langa? Azikati mlongo wake ndi wochapa koma m'nyumba mwake muli zimenezi?"

Woyeza mpweya anaphimba pakamwa ndi kabuku kake, mapewa akugwedezeka. Kenako anayang'ana wotchi n'kuyamba kutseka cholembera. Mtchona anaona makina aja akupita ku msewu wina. Anaweramira kwa achemwali ake n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa munthu amene makutu ayamba kumuthawa, kumene kumamveka mpaka pakhonde.

"Tsokomolani, achemwali. Chonde. Kamodzi kokha."

"Nditsokomole pamaso pa mlendo ngati mbuzi? Wapenga?"

Ndipo anakhala chilili pambali pa kabati, milomo atatseka gwa, akupuma pang'onopang'ono ndi mphuno kuti ketulo ija isamveke. Mtchona anawayang'ana. Anawasiya ali mtsikana wothamanga ndi ndowa pamutu osataya dontho, ndipo tsopano anali kumenya nkhondo yobisa mpweya wawo womwe.

Mlendo anaimirira. Pofuna kusiya mawu okoma, anakhudza katani ya pazenera.

"Makatani okongola bwanji, amayi. Muli ndi mwayi. Kumene mwaye umafika kwenikweni, munthu sangasunge nsalu yoyera chonchi."

Achemwali anaika tipoti pansi pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani, mwanangu?"

"Ndimati mwina kuno sufika kwambiri."

"Sufika? Ndiye mukuganiza kuti makataniwa ayera okha? Anagwa kumwamba ali chonchi?" Mawu anayamba kukwera. "Khalani pansi. Khalani, ndikuuzeni. Makatani awa ndimachapa Lolemba ndi Lachisanu, sabata iliyonse imene Mulungu walenga. Zenera ilo ndimapukuta kanayi patsiku, ndipo kansanza kake sikatha mwezi. Ndisanayambe kuona chumuni icho, shiti ndinkatsukuluza kawiri basi. Lero ndi kasanu, ndipo madzi achitatu amakhalabe ngati tiyi wopanda mkaka. Mwayi! Mwayi wake ndi manja awa!"

Woyeza mpweya anakhala pansi. Cholembera chinatsegulidwanso.

"Kasanu, mwati?"

"Kasanu. Lembani. Ndipo mwaye wake si umodzi. Ulipo wouma, umene umangofuna kukung'untha. Ulipo wonona, umene umagwa lawi likafiira, makamaka kumayambiriro kwa mwezi. Umenewo ukaupaka sopo msanga ndiye wauphika, suchokanso. Mvula yoyamba ikagwera nsalu imasiya madontho achikasu, pakatha milungu iwiri pamabooka. Malata awo tasintha kawiri. Tabwerani kuno."

Anamugwira mlendo padzanja ngati mwana wa sukulu n'kumutulutsira kuseri kwa nyumba, kumene alendo saloledwa kufika. Kumeneko kunali kangalande kotayira madzi ochapira. Anatola mtengo n'kuuzika m'matope. Unalowa mpaka kutalika kwa mkono, ndipo unatuluka wakuda bii, ukunyezimira ngati phula.

"Izi zonse zinali pa zovala za anthu. Ndazichotsa ndine. Pano ngakhale udzu umakana."

Mawuwo anali atamveka mumsewu, ndipo nkhani inayenda msanga kuti mlendo wanena kuti kuno kumayera kokha. Anthu anabwera atakwiya, ndi zovala zawo za ku ukwati zomwezo. Wometa anafika ndi chidebe cha madzi amene anakwechera denga, akudza nachitsanulira pansi pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Denga limodzi ili, mayi! Langa ndi limene linali lakuda kuposa onse."

"Bodza!" anatero mmodzi wa amayi opukuta masamba aja. "Kwanga tachotsa ndowa zitatu."

"Kwanu n'kwakung'ono, ndowa zitatu zichokera pati?"

Anthu omwe dzulo lake anali okonzeka kufa kusiyana n'kuoneka auve, tsopano ankalimbirana kuti wauve kwambiri anali ndani asanakolope. Mtchona anaima pambali, kalata yake ya masamba asanu ndi limodzi ili m'thumba. Palibe anaifunsa. Dzanja la woyeza mpweya linkathamanga papepala.

Achemwali anali pakati pofotokoza za mayunifolomu a anamwino pamene mawu anawathera. Anatsegula pakamwa, koma panangotuluka kamluzu. Anagwira chingwe choyanikira, chingwecho chinagwedezeka. Anayang'ana chitseko cha kukhitchini. Chinali kutali. Mtchona anafika msanga, anapisa dzanja m'thumba la epuloni yawo, n'kuwaika kamankhwala kaja m'manja. Anamuyang'ana ndi diso loti tikambirana bwino alendo akapita, kenako anapopera, pamaso pa msewu wonse. Kamodzi. Kawiri. Wometa anayang'ana kumbali ngati waona chinthu chofunika padenga.

"Zinayamba liti zimenezi, amayi?" anafunsa mlendo motsitsa mawu.

Achemwali anabweza kamankhwalako m'thumba la epuloni.

"Chaka chachitatu chiyatsireni chumunicho," anatero. "Koma izo musalembe."

"Ndilemba, amayi. Dzina lokha ndi limene sindilemba."

Dzuwa lisanafike pamutu, dalaivala wa ofesi anatsitsa makina aja. Anali kabokosi kotuwa ka miyendo itatu, kokhala ndi kachipewa pamwamba, kosakongola n'komwe. Anakaimika pakhonde la achemwali, poyang'anana ndi chumuni. Woyeza mpweya anaima pamasitepe n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Miyezi itatu. Osakasuntha, osakaphimba, ndipo chonde, chonde, osakapukuta."

"Ngakhale pamwamba pokha?" anafunsa achemwali.

"Makamaka pamwambapo."

"Nanga kansalu koluka, kongoyala pansi pake?"

"Amayi."

Galimoto itapita, mphepo inatembenuka. Pofika masana kachipewa ka makina kanali katayamba kutuwa. Mtchona anatulutsa mpando ndi buku lalikulu kwambiri mwa mabuku ake, n'kukhala pambali pa kabokosiko ngati mlonda. Sanawerenge ngakhale tsamba limodzi, chifukwa achemwali anatuluka katatu, ulendo uliwonse kansanza kali m'manja, akunamizira kupukuta chitseko, kenako mzati, kenako mzati womwewo.

"Miyendo yake yokha, iwe."

"Ayi, achemwali."

"Pakhonde panga! Anthu odutsa aziti chiyani?"

"Azinena zimene akufuna. Ine ndikufuna muzifika pachingwe osaima panjira."

Achemwali anapinda kansanza kaja. Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatulukanso ndi mpando wawo ndi mulu wa mapilo oti asoke mabatani. Anauika mpandowo pafupi ndi wa mlongo wawo, anauzunguliza bwinobwino, n'kukhala atafulatira makinawo kuti asawaone akuda.